Phwando la Pasaka Limene Sindinalijambule

Ana anga, Lusiya, Tomasi ndi Zainabu, gawo ili ndikulemba ndili kuno ku Namacula, m'nyumba yomwe ija munakuliramo. Za ubwana wanga ndizisiya, mulibe choti mungatolemo: kukumba mbatatesi, kuzizidwa m'mawa, ndi sukulu ya mishoni imene sindinapite nayo patali. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa moyo wanga wambiri unathera kuseri kwa makina oonetsera mafilimu, ndipo ntchito imeneyo ndi yomwe inkandichotsa pakhomo pa masiku amene abambo a anzanu ankakhala pamphasa ndi ana awo.

1977

Ndinalembedwa ntchito ku nyumba ya sinema ya mumzinda muno ndili mnyamata wosakwatira. Azungu anali atachoka, ndipo makina anatsala m'manja mwa a Mateusi, mkulu wina wa ku Sanjala, wamtali, wachifuwa chosamva mankhwala. Iwowo ndi amene anandiphunzitsa. Kachipinda kathu kanali pamwamba, kumbuyo kwa anthu, kopanda zenera kupatula timabowo toponyera kuwala. Munali makina awiri. Kuwala kunkachokera ku timakala tiwiri tatitali ngati mapensulo, tokumana kunsonga, ndipo tikamapsa unkayenera kumatisendeza pang'onopang'ono. Ukawodzera, chinsalu chinkada, anthu pansi n'kuyamba kuimba malikhweru ndi kutukwana amene anakubereka. Filimu inkabwera m'zitini zozungulira, ife tinkangoti fita. Inkafika pa sitima kuchokera ku Nampula itazungulira kale mizinda yonse ikuluikulu, pakuti Lichinga ndi kumapeto kwa njanji. Inkabwera yokalikakalika, yodukaduka, ife n'kumailumikiza ndi mankhwala opaka m'zikhadabo. Munthu ankatha kufa mufilimu anthu osaona chamupha, chifukwa chigawo chimenecho chinatsala ku Beira. Zambiri zinali za Amwenye ovina, za karate, ndi za nkhondo za m'maiko a chipale chofewa.

Mayi anu, Asiyatu, ndinawapeza pakhomo pa sinema pomwepo akugulitsa mtedza wokazinga. Kwawo kunali kunyanja, ku Metangula, ndipo kuno ankakhala kwa mlongo wawo, malume anu a Saide, amene anali telala kumsika. Iwo Asilamu, ine Mkatolika. Abale a kunyanja atamva anakana. Shehe anakana, bambo mfumu nawonso anandiuza kuti ndiganize bwino. A Saide okha ndi amene anandiitana kushopu kwawo. Anandiyang'ana kuchokera kumapazi ngati akufuna kundiyeza thalauza.

"Mlongo wanga sasiya swala yake, mapemphero ake a tsiku ndi tsiku," anatero.

"Sindimuletsa."

"Nkhumba isalowe m'nyumba."

"Silowa."

"Nanga ana?"

"Akadzakula adzasankha okha."

Anapalasa makina awo pang'ono. Kenako anati, "Chabwino, alamu." Tinakakwatirana kuofesi ya boma, mboni anali a Saide ndi a Mateusi.

1980 mpaka 1986

Zaka zimenezo kupemphera sikunali chinthu chochionetsera. Khirisimasi inasinthidwa dzina n'kukhala Tsiku la Banja, ndipo Pasaka sankatchulidwa n'komwe m'maofesi. Tinkapita ku Misa mwakachetechete n'kubwerera mwakachetechete. Chodabwitsa n'chakuti phwando la Pasaka m'nyumba muno analiyambitsa ndi mayi anu, munthu amene sanalowepo m'tchalitchi. Chaka choyamba ataona ndikubwera ku Misa n'kudya nyemba zogonera, anandifunsa kuti, "Bambo a Lusiya, ife tikamaliza kusala timaphika, timaitana abale. Inu mwasala nthawi yonseyi, mwati Mbuye wanu wauka, ndiye basi?" Chaka chotsatira anagula nkhuku, anaitanitsa mpunga kunyanja, n'kuitana a Saide kuti adzazinge nkhukuyo Chisilamu, kuti aliyense adye wopanda kukayika. Unakhala mwambo. Mpunga, nkhuku, nyemba zaziwisi zatsopano, mbatatesi zokazinga, a Saide ndi banja lawo, ndi aliyense wodutsa pamsewu.

Koma Pasaka amagwa Lamulungu, ndipo Lamulungu linali tsiku lalikulu la sinema. Tinkayamba masana. Ndikachoka ku Misa ndinkangosintha malaya n'kumapita, nkhuku isanapse. Mayi anu ankandimangira mbale m'kansalu n'kudzandisiyira pamakwerero. Ndinkadya choimirira, diso lina lili pa makala.

Nkhondo itakula sitima inasiya kubwera. Fita zinkafika pa ndege mwa apo ndi apo, moti filimu imodzi tinkaibwereza mpaka ana ankalankhula mawu ake ochita sewerowo asanatsegule pakamwa. Makala anasowa. Tinkatola tizidutswa tomwe tinataya kale n'kumatilumikiza ndi malata a zitini za mkaka. Magetsi ankabwera pamene afunira. Sopo, shuga ndi mafuta ophikira tinkazipeza pa bicha, mzere wautali uja, mayi anu akudzuka m'mamawa Tomasi ali kumsana. Chaka china nkhuku inasowa, mpunga unasowa. Anaphika mbatatesi ndi khwanya, a Saide anabweretsa usipa wodzaza manja awiri, koma mphasa inayalidwa ndithu ndipo anthu anaitanidwa.

Monga mkazi wa wantchito, mayi anu ankalowa m'sinema ulere, ndiye anaona mafilimu ambiri kuposa anzawo. Tsiku lina m'mawa, ndikukonza njinga pabwalo, anandifunsa funso limene linandikhala m'mutu mpaka lero.

"Bambo a Lusiya, mafilimu onse mwaonetsawa, ndaona anthu akukwatirana, akumenyana, akulira maliro. Mulibe ngakhale imodzi ya banja likudya phwando la Pasaka?"

Ndinaseka. Ndinati ndikafunsa a Mateusi. Nditawafunsa anatsokomola kaye monga mwa masiku onse.

"Ya Pasaka ndinaonetsapo nthawi ya azungu," anatero. "Zikwapu, minga, misomali. Akangouka, ife timayatsa magetsi, anthu n'kumapita kwawo."

"Nanga akafika kwawoko?"

"Kumeneko kamera sifika, mwana wanga."

1987 mpaka 1992

Anandisamutsira ku Cuamba, kumene woonetsa mafilimu anali atathawira ku Malawi. Banja ndinalisiya kuno, chifukwa msewu unali woopsa ndipo kuno kunali kamunda ka mbatatesi. Ku Cuamba kunali kotentha, fumbi lokhalokha, munthu wokulira m'chisanu ngati ine ndinkasowa pogona. Bwana wakumeneko ankaona wantchito wa boma ngati wantchito wake. Magetsi akazima ankandituma kumunda kwake kukapalira thonje, ndipo ndinkapita. Uthenga wa imfa ya a Mateusi unandipeza atawaika kale. Zainabu, iwe unabadwa ine kulibe. Masiku a Pasaka a zaka zimenezo ndinkadya chinangwa chophika ndekha m'kachipinda ka makina. Mtendere utabwera ndinafika pakhomo pano ndi kachikwama kamodzi. Iwe unabisala kumbuyo kwa mayi ako, n'kufunsa kuti mlendoyu agona kuti.

1993 mpaka 2003

Mtendere unabwera ndi mavidiyo. M'mabairo monse, m'madera okhala anthu mumzinda muno, munamera tizisakasa ta nsungwi, mkati muli televizhoni ndi mabenchi, ndipo anthu anasiya kukwera mtunda kubwera ku sinema. Nyumba ya sinema ija inabwerekedwa kwa mpingo wina. Makina anafunditsidwa nsalu. Ine anandipititsa kuofesi ina ya boma, m'gulu la sinema yoyendayenda. Tinkayenda m'maboma ndi galimoto, injini ya magetsi ndi chinsalu chopinda, kuonetsa mafilimu a kolera, a mabomba okwirira, ndi a matenda aja anamaliza anthu. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kugwira kamera ya kaseti, yolemera ngati mwana wa chaka chimodzi, yonyamulira paphewa. Ndinkajambula misonkhano ndi akuluakulu akudula maliboni.

Bwana wanga anali a Kosita, tinkawatcha shefi. Anaphunzira ku Maputo, ankavala jekete ngakhale kotentha. Sanali munthu woipa. Sankakalipa, sankatuma anthu kumunda. Koma foni yochokera kumwamba ikalira, nkhope yawo inkasintha ngati mwana waswa mbale. Maulendo athu ankakonda kugwa kumapeto kwa sabata, chifukwa ndi pamene anthu akumidzi amapezeka, ndiye Pasaka ankandipezabe ndili kumsewu, kapena ndikufika madzulo mbale zitatsukidwa.

Titagula televizhoni yathu, inu munkabwereka makaseti. Mwezi wa Khirisimasi munkabweretsa aja a azungu: chipale chofewa panja, mtengo m'nyumba, bambo wochedwa kuntchito akuthamanga kuti akapeze ana ake patebulo. Nyengo ya Pasaka ku parishi kunkazungulira kaseti imodzi ya masautso a Yesu. Tinaionera muno chaka china, aneba atadzaza mpaka pakhomo. Ana analira, amayi ena anafunda kumaso. Mayi anu anaionera yonse mpaka kumapeto. Anthu atapita anati, "Munthu uyu anazunzika ndithu. Koma atauka, amake sanamuphikire?"

Mawu amenewo ndi amene anandipatsa maganizo. Ndinati ngati filimu yotero kulibe, ndiipanga ndekha. Osati yaikulu. Kungojambula tsiku limodzi m'nyumba muno: nkhungu ya m'mawa m'mitengo ya paini, anthu akubwera ku Misa, Msilamu akuzinga nkhuku ya Pasaka, mpunga ukupakulidwa. Ndinkaganiza kuti tikhoza kumaionetsa m'midzi tisanayambe za kolera, anthu aone kaye nkhope zonga zawo zikuseka. Ndinakawauza a Kosita.

"Vuto lake ndi chiyani mufilimu imeneyo?" anandifunsa.

"Mulibe vuto, shefi. Ndi anthu akudya pamodzi."

"A Benedito, amene amatipatsa makaseti amafuna vuto. Matenda, njala, madzi oipa. Anthu okhuta sawalipirira."

Chaka chilichonse ndinkapemphanso, iwo ankaseka n'kunena kuti tiona.

2004

Mayi anu anayamba kudwala chaka cha 2003 chisanathe, ndikutanthauza mvula itangoyamba. Kutaya magazi, kuonda. Lusiya, iwe unali kale namwino ku Nampula, unawatenga n'kukawaonetsa kwa madokotala akumeneko. Anawabweza ndi mankhwala ochepetsa ululu okha. Palibe amene ananena mawu enieniwo pamaso pawo, koma iwo ankadziwa. Anandiuza kuti chaka chino akufuna ana onse pa Pasaka. Tomasi anachokera ku Beira kumene ankagwira ntchito padoko, Lusiya anapempha tchuthi, Zainabu anali pano akadali pasukulu.

Ndinapitanso kwa a Kosita. Ulendo uno sindinanene za filimu, ndinangowauza mmene zinthu zinalili kunyumba. Anatsegula kabati n'kutulutsa kaseti yatsopano, yosamatula. "Tengani kamera Lachitatu," anatero, "mudzabweze Lolemba." Ndinayenda nayo kuchokera kuofesi mpaka kuno ngati ndanyamula mazira. Ndinaiika pamwamba pa kabati kuchipinda. Mayi anu anaiyang'ana ali pabedi n'kunena kuti ndiwauziretu nthawi yojambula kuti avale bwino.

Lachinayi Loyera m'mawa anandiitanitsa. Ndinapeza a Kosita ataimirira pafupi ndi foni, nkhope ija itasintha. Kunkabwera alendo ochokera ku Maputo pamodzi ndi azungu amene analipira mijigo ndi sukulu ku boma lina lakutali, kumpoto. Ankanyamuka Lachisanu, kubwerera Lachiwiri. Ankafuna zonse zijambulidwe.

"Kamera ndi imodzi, wojambula ndi mmodzi," anatero a Kosita osandiyang'ana. "Ndikudziwa zimene ndinalonjeza. Koma izi zachokera kumwamba. Ndipo mudziwe, mpando wa mkulu wa gulu lathu ukhala wopanda munthu chaka chino. Dzina lanu ndalitchula kale. Musandichititse manyazi."

"Shefi, mkazi wanga..."

"Pasaka amabwera chaka chilichonse, a Benedito."

Atanena mawu amenewo anaoneka kuti adzimva okha, koma sanawabweze.

Ndinabwerera wapansi m'kamvula kowaza. Mayi anu ndinawapeza pakhonde atafunda bulangete, a Saide ali pambali akuwasendera lalanje. Ndinawauza zonse. Mayi anu sanachedwe kuyankha.

"Pitani, bambo a Lusiya. Ntchito imeneyi ndi imene yalera anawa. Mbale yanu ndikusungirani, si kuyamba lero."

Tomasi, iwe unali ndi maganizo ena. Unati, "Papa, auzeni kuti kamera yawonongeka ndipo inu mwadwala malungo. Adziwa bwanji?" Ndivomere kuti ndinaganizira. Kamera inali m'nyumba kale, kaseti ili m'kati. Koma inali ya boma, ndipo munthu amene akanakalipidwa pamaso pa alendo ndi yemweyo anatsegula kabati n'kundipatsa kaseti.

A Saide anandiperekeza mpaka pampanda ngati akutsanzika. Anaima pamenepo n'kulankhula motsitsa.

"Alamu, ine ndasoka nsanda zambiri. Sindine Mulungu, koma ndili ndi maso. Chaka chamawa nkhuku ndidzazingira ndani?"

Lachisanu m'mawa ndinanyamula kamera kupita nayo kuofesi. Galimoto zinali zitaima kale pabwalo. Ndinaitana woyendetsa galimoto yathu, a Joakimu, n'kuwaonetsa pobanikiza kuti ijambule ndi posinthira batire. Kenako ndinalowa kwa a Kosita n'kuika kamera patebulo pawo.

"Kamera nayi, shefi. Ine sindipita."

"Mwaganiza bwino?"

"Ndaganiza."

"Mukudziwa kuti izi ndizilemba?"

"Ndikudziwa, shefi."

Anatenga kamera ija n'kutuluka, osandipatsa dzanja. Ndinamva galimoto zikulira, zikukhota pamsewu. Ndinatsala ndekha muofesi, ine amene chiyambire ntchito ndinali ndisanakanepo lamulo.

Lamulungu kunacha ndi nkhungu. Ine, Lusiya ndi Tomasi tinapita ku Misa. Zainabu, amene anali atasankha kale chipembedzo cha mayi ake, anatsala kuwasambitsa. Pobwera tinapeza a Saide atazinga nkhuku ziwiri kuseri, akusamba m'manja. Mayi anu anali pamphasa pafupi ndi khitchini, atatsamira mtsamiro, akulamula zonse. Anyezi achepa. Mpunga musauvundule. Mbatatesi zimenezo mwadula zazikulu. Mawu anali ochepa mphamvu koma palibe amene ankatsutsa.

Tinkafuna kudyera pabwalo, koma mvula inabwera, tinalowa m'nyumba ndi mbale m'manja. Utsi wa kukhitchini unatitsatira. Aliyense anapita pamalo pake osauzidwa: a Saide kumutu kwa mphasa, akazi awo pambali, Tomasi pafupi ndi chitseko, atsikana pafupi ndi mayi awo. Ine ndinaima pakati pa chipinda ndi beseni la madzi. Ndinalibe malo. Zaka zonsezo mphasa imeneyo inkadzaza popanda ine, ndipo palibe amene anali ataganizapo kuti ndingakhale pati. A Saide ndi amene anaona. Anasuntha n'kumenya mphasa ndi dzanja, pakati pa iwo ndi mlongo wawo.

"Khalani apa, alamu."

Iwo anapemphera m'Chiarabu, ine ndinachita chizindikiro cha mtanda, tinayamba kudya. Sindikufuna kukunamizani kuti linali phwando lokoma lokhalokha, inu munalipo. Tomasi anayambitsa nkhani yoti mayi apite ku Maputo, kuli makina owotcha chotupa. Lusiya anati ulendowo ungowapha panjira. Tomasi anamuuza Lusiya kuti wataya mtima msanga chifukwa wazolowera kuona anthu akufa. Mawu anakwera. Zainabu anayamba kulira. Mayi anu anatenga supuni n'kugogoda mbale.

"Ndikadali pano," anatero. "Ngati mukufuna kukambirana za ine ngati katundu, dikirani ndichoke kaye."

Mvula inkagunda padenga. Kenako mayi anu anayamba okha kusimba za chaka cha mbatatesi ndi khwanya, mmene a Saide anagawira usipa uja ngati akugawa golide, n'kudzisiyira mitu yokhayokha. A Saide anakana kuti si mmene zinalili. Anakangana awiriwo m'Chiyao, ngati ana, mpaka a Saide anatsamwa ndi mpunga chifukwa cha kuseka, Tomasi n'kumawamenya pamsana. Mayi anu anadya mpunga pang'ono kwambiri ndi kachiwindi. Zotsala anandikankhira. Inali nthawi yanga yoyamba kudya nkhuku ya Pasaka ikadali yotentha.

Madzulo dzuwa linatuluka pang'ono, ndinawanyamula kupita nawo pakhonde. Anali opepuka moti ndinachita mantha. Ndinawapepesa za filimu.

"Bola inapita kamerayo," anatero. "Ikanajambula mafupa. Ndiponso inu mukanakhala kuseri kwake tsiku lonse, mpunga wanu n'kuzizira."

Anamwalira m'nyengo yachisanu chaka chomwecho, m'mawa, Zainabu akuwapatsa madzi. Anaikidwa Chisilamu tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Kumanda ndinaima kumbuyo, chifukwa sindinkadziwa ngati Mkhristu ali ndi gawo pamenepo, ndipo abale ena a kunyanja ankandiyang'ana ndi diso lomwe lija la kale. Nthawi yotsitsa thupi itakwana, a Saide anatembenuka n'kundifunafuna m'gulu. Anandikodola. Wina anang'ung'udza, iwo sanamvere. Anandigwiritsa nsonga ya nsalu n'kunena kuti, "Gwirani apa. Ndi mkazi wanu."

2005 mpaka lero

Sanandichotse ntchito. A Kosita analemba monga ananenera, mpando uja unapita kwa wina, ndipo ine anandichotsa m'gulu la sinema n'kundiika ku nyumba yosungiramo katundu, kuseri kwa ofesi. Kamera sindinaigwirenso. Ndinkasunga mipando yothyoka, matayala akale, ndi zitini za fita zochokera ku sinema ija, zimene zinali zitayamba kununkha ngati vinyo wosasa. Tikakumana pabwalo a Kosita ankandipatsa moni mwaulemu n'kufulumira kudutsa. Atasamutsidwa anabwera kudzanditsanzika. Anaima pakhomo nthawi yaitali, kenako anangoti kukuzizira chaka chino, n'kumapita.

Ndili pafupi kupuma pantchito, anandiuza kuti nditaye makaseti akale. M'bokosi lina ndinapezamo kaseti ija ya ulendo wa mijigo. Ndinaiika m'makina. A Joakimu anayesetsa, koma munali mitambo, nsapato za anthu, mitu yodulidwa pakati, ndi mphepo ikuwomba moti zolankhula sizinkamveka. Ndinafunsa muofesi ngati alendo aja anaitanitsapo kasetiyo. Palibe amene ankakumbukira.

Ndinapuma mu 2012. A Saide anatisiya zaka zingapo pambuyo pake. Chichokere mayi anu, banja lino silinakumanenso lonse pa Pasaka, ndipo sindikuimba mlandu aliyense. Tchuthi chake n'chachifupi, Beira ndi kutali, Lusiya amagwira ntchito ngakhale Lamulungu, Zainabu anakwatiwa ku Pemba ndipo ali ndi Idi yake yoti aikonzekere. Munandigulira mbale ya televizhoni ya matchanelo ambiri. Chaka chilichonse sabata loyera ndimawazungulira onse. Zikwapu zija zilipobe, tsopano zowala bwino, magazi ofiira kuposa kale. Banja lokhala pamphasa sindinalipezebe.

Chaka chatha pa Pasaka munandiimbira nonse atatu pa foni, nkhope zanu zili m'timabokosi. Nkhani inafika pa tsiku lija. Lusiya anati mayi anavala chitenje chobiriwira cha maluwa. Tomasi anati ayi, chinali chofiirira, chimene anawabweretsera iye kuchokera ku Beira. Zainabu, amene anawaveka, anati anaiwala, ndipo anayamba kupukuta m'maso. Kenako nonse munati, "Papa ndi amene angadziwe. Papa amaona zonse."

Ndinakuuzani kuti foni ikudukaduka. Sinkaduka. Ndinatseka maso kufunafuna chitenjecho, ndipo sindinachipeze. Ndimakumbukira utsi, kulira kwa supuni pambale, ndi phewa lawo lowonda litatsamira langa. Mtundu wa nsalu unapita, ndipo masiku ena m'mawa ngakhale nkhope yawo imandivuta kuibweretsa, mpaka nditapita kukayang'ana kachithunzi ka pa chiphaso chawo, kamene anajambulitsa ali mtsikana, atauzidwa kuti asaseke.

Zovala zawo tinagawa kwa abale monga mwa mwambo, ndipo sindikudziwa kuti chitenjecho chinapita kwa yani. Ndiye yankho la funso lanu ndi limeneli, ana anga: sindikudziwa. Ndinali pafupi kwambiri, sindinkayang'ana nsalu.